Kamuvi ka Geji Kakayamba Kuvina: Mafuta mu Ndege Yomanga Pakhomo

(NYIMBO YOTSEGULIRA. IKAMACHEPA PAMVEKE KULIRA KWA NDEGE YAING'ONO CHAPATALI)

WOULUTSA:

 Anzathu a ku Machinjiri phokoso mwamvali silachilendo kwa inu, pakuti bwalo la Chileka muli nalo pafupi.

Lero m'pulogalamu yathu ya zaumisiri tikamba za ndege. Osati zikuluzikulu zopita ku Johannesburg zija ayi, koma tindege ta mipando iwiri kapena inayi, timene munthu amamanga ndi manja ake m'shedi. Musaseke. M'chaka cha 2019 ana asukulu 20 a ku South Africa analumikiza ndege ya mtundu wa Sling 4, ena mwa iwo n'kuuluka nayo kuchokera ku Cape Town mpaka ku Cairo, ndipo ulendowo unadzera kuno ku Malawi. Kwathu konkuno, mu 2016, nyuzipepala zinalemba za mmisiri wina wowotcherera zitsulo wa m'chigawo chapakati amene anapanga helikopita ndi zitsulo zotolatola, n'kuikamo injini ya njinga yamoto. Ndiye mtima wofuna kuuluka ulipo, ndipo ndikudziwa kuti pakati pa inu omvera pali mnyamata kapena mtsikana amene akujambula mapiko papepala.

Amene akulota ndege amalota mapiko ndi pulopela. Koma chimene chimagwetsa tindege timeneti kawirikawiri si phiko lothyoka. Ndi injini imene yazima m'mwamba, ndipo nthawi zambiri imazima chifukwa mafuta sanafike. Bungwe lofufuza ngozi la ku America, NTSB, litaunika ndege zomanga pakhomo mu 2012, linapeza kuti vutoli limakonda kuchitika pa maulendo oyambirira enieni, ndipo linalangiza kuti njira ya mafuta iziyesedwa ndegeyo isanachoke pansi. N'chifukwa chake lero maso athu ali pa kachinthu kamodzi kakang'ono pa bolodi ya woyendetsa: geji yoonetsa pulesha ya mafuta. Amakanika a galimoto ndi a majenereta musathimitse wailesi, zambiri mwa izi ndi zanu zomwe.

Tiyambe ndi manambala. Tindege tambiri totere timaikidwa injini ya Rotax 912, yopangidwa ku Austria, imene inatuluka mu 1989. Ili ndi makabuleta awiri ndipo imatha kumwa petulo wa galimoto. Buku lake limati pulesha ya mafuta isatsike kuposa 0.15 bar, ndipo isapitirire 0.4 bar, kapena 0.5 bar pa mapampu atsopano. Yerekezani ndi tayala la galimoto, limene timapopa mpaka 2 bar n'kupitirira. Pulesha tikunenayi ndi yochepa zedi, moti kachitsotso kamodzi kapena kampweya pang'ono kakhoza kusuntha kamuvi.

Ndiye tsiku lina mwaliza injini, kamuvi kaja n'kuyamba kuvina. Kapena katsika. Mutani?

Ndikudziwa zimene timachita kuno. Choyamba timagogoda galasi la geji ndi chala. Zikakanika timati pampu yatha, n'kuthamangira kumsika wa Ndirande kukasaka ina. Ine ndinachitapo zimenezo pa kapikapu kanga kakale: ndinagula pampu kawiri, ndalama zanga n'kupita, vuto likadali pompo. Amene anandipulumutsa anali bambo wina wachikulire wa pa galaja ina ku Chilomoni. Anandiyang'ana n'kundifunsa kuti, kodi mwana wanga, amene akudwala ndani, injini kapena geji? Ndinasowa choyankha. Funso limeneli ndiye poyambira, ndipo sipanala isagwiridwe lisanayankhidwe.

Geji ya masiku ano siiona mafuta ndi maso ake. Pa paipi pamakhala kasensa, kasensako kamatumiza uthenga pa waya, ndipo geji imangonena zimene yamva. Mboni yongomva zinthu ikhoza kunama popanda kufuna. Choncho mvetserani injini. Ngati kamuvi kakudumpha kuchoka pa ziro kufika kumapeto m'kuphethira kwa diso, koma injini ikulira bwinobwino osasintha mawu, kayikirani magetsi, chifukwa mafuta sasintha msanga chotero. Yatsani nyali kapena wailesi ya m'ndegemo. Kamuvi kakasuntha nthawi yomweyo, ndiye kuti waya wa ethi wamasuka kapena wachita dzimbiri. Zimitsani injini, dikirani pulesha ithe, tsegulani kiyi yekha: geji iyenera kuonetsa ziro. Ikaonetsa china, wabodza mwamugwira.

Palinso malo amene mwaika kasensako. Omanga ambiri amakamangirira pa injini penipeni poti mpofupi, ndipo kunjenjemera kwa injini kumakapha pakangopita miyezi. Malo ake ndi pa khoma lolekanitsa injini ndi anthu, kolumikizidwa ndi kapaipi kakafupi. Tisensa tambiri tilinso ndi kabowo kopumira, kamene kamatithandiza kuyerekeza pulesha ya mafuta ndi ya mpweya wakunja. Kabowoko kakatsekeka ndi utoto kapena oyilo, geji imaonetsa bwino pansi, koma ndege ikamakwera manambala amayamba kusokonekera, mafuta ali bwinobwino.

Njira yothetsera mkangano ndi kuitana mboni yachiwiri. Tengani geji wamba ya sipuling'i, yopanda magetsi, yoyeza pulesha yochepa. Ilumikizeni pa paipi pafupi ndi kabuleta, mangirirani ndegeyo ndi chingwe cholimba, ikani miyala kumatayala, ndiye lizani injini. Geji ziwirizo zikasiyana, khulupirirani ya sipuling'iyo. Zikagwirizana, khalani pansi, vuto ndi lenileni.

(NYIMBO PANG'ONO)

Tsopano tinene kuti geji sikunama. Apa ndikufuna mumvetse chinthu chimodzi chimene ngakhale amisiri akale amachisokoneza: pulesha ndi kuyenda kwa mafuta ndi zinthu ziwiri zosiyana.

Ife a mu Blantyre izi timazidziwa ndi madzi. Madzi athu ambiri amachita kupopedwa kuchokera ku Walker's Ferry pa mtsinje wa Shire, kukwera mtunda wonsewo. Mpopi ukakhala wotseka, mukautsegula madzi amayamba ndi mphamvu, psuu, koma ngati paipi ndi yotsekeka penapake, posakhalitsa amangotsala tidontho. Pulesha inalipo, koma madzi odzaza ndowa panalibe. Injini nayo siimwa pulesha, imamwa mafuta. Ikamalira pang'onopang'ono imafuna mafuta ochepa, ndipo ngakhale paipi yotsamwa imakwanitsa, geji n'kumaoneka yokongola. Koma ponyamuka, pamene mwakankha thirotulo yonse ndipo msewu wa ndege watha kumbuyo kwanu, m'pamene injini imapempha zonse. Paipi yotsamwa ija imalephera pa mphindi yoipitsitsa.

Choncho mukaona pulesha ili bwino injini ikamalira pang'ono, koma ikugwa mukawonjezera moto, fufuzani chimene chikutsekereza pakati pa thanki ndi pampu. Yambani ndi fyuluta. Mu ndege yatsopano fyuluta imadzaza msanga ndi zinyalala za pomanga: tizidutswa ta aluminiyamu ta pobowola, guluu womatira thanki, ulusi wa nsanza imene munapukutira. Chinanso ndi tepi yoyera ija ya apulambala. Pa mpopi wa madzi ndi yabwino, koma pa paipi ya mafuta imanyenyeka, tizidutswa take n'kukatseka kabuleta. Musaiyandikitse n'komwe. Onaninso mapaipi a labala. Ena kunja amaoneka atsopano, koma m'kati afufuma kapena asupuka, ndipo pampu ikamakoka amadziphwatika okha ngati kapaipi komwera chakumwa mukakayamwa mwamphamvu.

Chizindikiro china chimabwera mwakachetechete. Mwaliza injini, zonse zili bwino. Pakatha mphindi 15 kapena 20 pulesha ikuyamba kutsika pang'onopang'ono. Mukazimitsa n'kutsegula chitsekero cha thanki mukumva phwii, mpweya ukulowa. Pamenepo thanki ikulephera kupuma. Mafuta akamatuluka, mpweya uyenera kulowa m'malo mwake kudzera pa kapaipi kopumira. Kuno kwathu mdani wa kapaipi kameneka ndi mavu aja omanga ndi dothi. Ndege ingokhala m'shedi masabata awiri, iwo apeza nyumba yaulere, amata dothi, aikira mazira. Kunjaku simuona kanthu. Ikani kachivindikiro kokhala ndi kansalu kofiira ndege ikaima, ndipo musanauluke chotsani, muonetsetse kuti mpweya ukudutsa.

Nanga kamuvi kakamanjenjemera, koma palibe pamene pakudontha? Kumbukirani kuti kuchokera ku thanki kufika pa pampu mafuta amachita kukokedwa. Polumikiza pakamasuka chigawo chimenecho, mafuta satuluka, koma mpweya ndiwo umalowa. Mungayang'ane tsiku lonse osaona dontho. Lumikizani kapaipi koonekera m'kati kwa kanthawi, ndege ili pansi, ndipo mudzaona thovu likudutsa ngati mikanda. Mukatha chotsani, kapaipi kotere sikoulukira.

Tifike pa nkhani ya kutentha, imene kwa ife ndi yaikulu. Amene munayendetsako galimoto zakale za kabuleta mukukumbukira mwezi wa October. Galimoto ikukwera mtunda wopita ku Bangwe masana dzuwa lili phwee, yayamba kutsokomola, yazima. Dalaivala watsika, wanyowetsa chiguduli, waphimba pampu, ndipo pakapita mphindi zingapo yalira ngati sinalakwe kanthu. Ena ankati galimotoyo ili ndi mizimu. Chimene chinkachitika n'chakuti petulo ankawira m'paipi. Petulo sachedwa kusanduka nthunzi, ndipo pampu yopangidwira madzimadzi ikakumana ndi nthunzi imangopupa pachabe.

Mu ndege zinthu zitatu zimagwirizana kuwiritsa mafuta. Kutentha ndi chimodzi. Kukoka kwa pampu ndi china, chifukwa madzimadzi akamakokedwa amawira msanga. Chachitatu ndi kukwera. Blantyre ali kale pamtunda wa mamita pafupifupi 1,000 kuchokera pa nyanja yamchere, Chileka ali m'munsi pang'ono, ndipo ndege ikamakwera mpweya umapepukirapepukira, mafuta n'kumawira pa kutentha kocheperako. Nthawi yoopsa ndi iyi: mwauluka, mwatera, mwazimitsa, ndege yakhala padzuwa theka la ola kutentha konse kwa injini kutatsekeredwa m'kati, ndiye mukulizanso kuti munyamuke. Kumwamba kulibe poima kuti munyowetse chiguduli.

Mankhwala ake ali m'kamangidwe. Mapaipi adutse kutali ndi ekizozi ndipo avekedwe chikuto choteteza ku moto. Pampu yachiwiri, yamagetsi, iikidwe m'munsi pafupi ndi thanki kuti izikankha mafuta m'malo mowakoka. Ndipo pakhale kapaipi kobwezera mafuta ku thanki, kokhala ndi kabowo kosafika theka la milimita, kuti mafuta otentha ndi nthunzi zizibwerera, ozizira azibwera. A Rotax amafuna kapaipi kameneka. Koma chenjerani: kabowoko kakakula, pulesha imathawira ku thanki, geji n'kutsika. Kakatsekeka, nthunzi ija imasowa kothawira.

Pampu yamagetsiyo ndi mboninso. Pulesha ikagwa, mukaiyatsa n'kubwerera, ndiye kuti pampu ya pa injini yatopa kapena m'paipi munali nthunzi. Ikapanda kubwerera, chotsekereza chili kumbuyo, kapena, tisachite manyazi kunena, thanki imene mwatsegulayo mulibe kanthu. Zonse ziwiri zikutanthauza chinthu chimodzi kwa amene ali m'mwamba: bwererani mukatere. Pampu yachiwiri ndi yokufikitsani pansi, si yopitirizira ulendo.

(NYIMBO PANG'ONO)

Tanena za pulesha yotsika. Yokwera nayo imapha. Mukapita kumsika n'kunena kuti ndikufuna pampu ya mafuta yamagetsi, mosakayika akupatsani ya galimoto za masiku ano, za injekishoni, pakuti ndi zimene zadzaza. Pampu imeneyo imakankha mafuta pa 3 bar kapena kuposa. Kabuleta imatseka mafuta ndi kasingano kakang'ono kokankhidwa ndi kachinthu koyandama, ndipo kasinganoko sikangalimbane ndi mphamvu yotere. Mafuta amasefukira, injini imatsamwa n'kutulutsa utsi wakuda, ndipo otayikawo amagwera pafupi ndi ekizozi yotentha. Pampu ikhale yogwirizana ndi manambala a m'buku la injini yanuyo. Zoti "imalowa bwinobwino, bwana" si umboni.

Ndiye pali mafuta enieniwo. Petulo wa m'Malawi amasakanizidwa ndi ethanol wochokera ku nzimbe, ndipo takhala tikutero kuyambira 1982, pamene fakitale ya ku Dwangwa inayamba ntchito. Ya PressCane ku Chikwawa inabwera mu 2004. Ku galimoto ndi ku chuma cha dziko ndi nzeru yabwino. Ku ndege muyenera kusamala. Ethanol amayamwa madzi, amafewetsa mapaipi ena a labala, amadya matanki ena a fayiba, ndiponso amachititsa petulo kuwira msanga. A Rotax amalola ethanol wosapitirira magawo 10 pa 100, pamene muyezo wa kuno umatha kupitirira pamenepo. Ndiye muyeseni. Tengani botolo lagalasi loonekera, thirani madzi gawo limodzi, lembani mzere pamene alekezera. Onjezani petulo magawo 9, tsekani, khutchumulani, siyani likhazikike. Madzi amakokera ethanol pansi, ndiye mzere uja umakwera. Kukwera kwakeko ndiko kukuuzani kuchuluka kwa ethanol.

Za mafuta a m'zigubu sindikufuna kutaya nthawi. Tonse tinagonapo pamzere mu 2011, komanso zaka zapitazi, ndipo tikudziwa zimene zimagulitsidwa kuseri kwa msika mafuta akasowa: osakaniza ndi palafini, a madzi, a m'chigubu chimene dzulo chinali cha mafuta ophikira. Kabaza akathira amenewo, njinga ikazima amaikankha. Mu ndege musathire, ngakhale lita imodzi.

Tsopano tengani cholembera, ndikupatseni muyeso umene ndimauona kuti ndi woposa geji iliyonse, ndipo zida zake muli nazo kale kunyumba: botolo ndi wotchi.

Kokerani ndege panja, kutali ndi mbaula, ndi fodya, ndi ana. Chozimitsira moto chikhale pafupi, ndipo pakhale munthu wachiwiri. Tsitsani mchira, mphuno iloze m'mwamba monga imachitira pokwera. Mu thanki mukhale mafuta ochepa, chifukwa tikufuna kuona tsiku loipa, osati labwino. Kupendeka kumeneku n'kofunika: petulo wotalika mita imodzi amapereka pafupifupi 0.07 bar yokha, ndiye mphuno ikakwera, injini n'kukhala pamwamba pa thanki, kathandizo kochepa kaja kamatha. Masulani paipi pamene imalowera ku kabuleta, ilozetseni m'chotengera chachitsulo chimene mwachilumikiza ndi waya ku ndege kuopa kuthetheka kwa moto, yatsani pampu yamagetsi, werengani mphindi imodzi, kenako yezani mafutawo.

Malamulo a ndege zing'onozing'ono akhala akunena kuti njira ya pampu ipereke magawo 125 pa 100 a mafuta amene injini imamwa ponyamuka, ndipo ngati mafuta amatsika okha kuchokera m'mapiko popanda pampu, magawo 150. Rotax 912 ya mahosipawa 80 imamwa malita pafupifupi 24 pa ola ikatsegulidwa yonse. Magawo 125 a 24 ndi malita 30 pa ola. Gawani ndi mphindi 60, mupeza theka la lita pa mphindi. Ndiye kuti mafuta amene alowa m'chotengera chija pa mphindi imodzi ayenera kudzaza botolo la madzi akumwa la 500 ml. Chitani zimenezi pa thanki iliyonse payokha, ndipo lembani m'kabuku. Chaka chamawa mukadzayezanso n'kupeza kuti nambala yatsika, mwagwira matenda asanaonekere pa geji.

Ndisanatseke, nkhani ya John Denver, woimba wa ku America amene achikulire ambiri nyimbo zake munazimva pa wailesi. Anali woyendetsa ndege wodziwa ntchito. Pa 12 October 1997 anagwera m'nyanja ku Monterey Bay ku California ali mu Long-EZ, ndege yomanga pakhomo imene anali atangoigula kumene. Amene anaimanga anasuntha chogwirira chosinthira matanki, n'kuchiika kuseri kwa phewa lamanzere la woyendetsa, malo amene wojambula ndegeyo sanalembe. Ofufuza anapeza kuti mafuta anali ochepa, thanki imodzi inauma, ndipo Denver potembenuka kuti afikire chogwiriracho ndege inamupulumuka ali pafupi ndi madzi. Chaona mnzako chapita. Inu amene mukumanga, valavu ya mafuta ndi switchi ya pampu zikhale pamene dzanja lifika mutamanga lamba, maso ali kutsogolo.

Ndipo ndege imene mwamanga si njinga yoti mungoiyesa pabwalo la mpira Lamlungu. Ndege iliyonse ya kuno imalembetsedwa, n'chifukwa chake mumaona 7Q pa mchira kapena pa thupi lake, ndipo siiloledwa kuuluka akuluakulu a Civil Aviation asanaione. Pitani kwa iwo musanadule chitsulo choyamba, osati mutamaliza. Pezaninso injiniya wa ndege wokhala ndi chiphaso kuti adzaone mapaipi anu a mafuta ndi maso ake, adzaime pambali panu tsiku la botolo ndi wotchi lija.

Mafunso anu tumizani pa nambala imene mnzanga aitchule nyimbo ikatha. Amakanika a ku Ndirande ndi ku Chilomoni, tiuzeni zimene mwakumana nazo ndi petulo wowira m'paipi nyengo yotentha ino, tidzaziwerenga sabata yamawa nthawi ngati yomwe ino. Ndipo inu a m'shedi, mphindi ikakwana botolo lisanadzaze, ndegeyo ibwezereni m'kati, muyambire pa fyuluta.



(NYIMBO YOTSEKERA)